Makiyi Pansi pa Pilo

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi lachinayi kuchokera pakhomo, pafupi ndi zenera losatseguka. Kope ili wandigulira ndi mwana wanga wamkazi. Akuti ndizilembamo shuga ndi zonse zimene adokotala akunena, chifukwa ine ndikamafotokoza ndimasankhamo zondikomera zokha. Mwana wobereka ndekha ameneyo!

Shuga 21.3. Kutentha kwa thupi 38.6. Vuto ndi phazi lamanzere, chala chachikulu ndi chinzake chotsatira. Zinayamba ngati kathuza milungu itatu yapitayo, nsapato yanga yakuda ya kutchalitchi itandiluma. Sindinauze munthu. Kathuza n'koti mwamuna wa zaka 64 azilengeza pakhomo?

Adokotala ndi aatali, osachulutsa mawu. Atenga cholembera chakuda n'kujambula mzere pamwamba pa phazi, pomwe pathera kutupa. Ati, "Bambo, mzere uwu ndiye malire athu. Kutupa kukabwerera m'mbuyo, tizingotsuka bala. Kukadutsa mzere, tidula zala. Kukafika pa kakolo, tikambirana za mwendo." Lamulo andipatsa limodzi: phazili lisaponde pansi ngakhale kamodzi.

Ndawauza kuti pa nkhani ya malamulo asandidere nkhawa. Ndinagwira ntchito yoyendera matikiti m'mabasi zaka makumi atatu. Komanso ndine ndimatsegula tchalitchi chathu Lamulungu lililonse n'kuima pakhomo kulandira anthu, zaka 26 osajombako. Kumeneko dzina langa anaiwala kalekale, amangoti a Makiyi.

Makiyiwo ndabwera nawo. Ali pansi pa pilo.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Shuga 17.8. Insulini mayunitsi 14 m'mawa, 10 madzulo. Mankhwala opha tizilombo kudzera mu dripi katatu pa tsiku. Andijambula phazi, akuti fupa silinagwidwe.

Bala akutsuka ndi a sisitala oyang'anira wodi ino, mayi aafupi, magalasi omangirira chingwe m'khosi. Amagwada pansi, kuthira madzi amchere, kufinya mafinya, kenako n'kumanga. Zowawa zake munthu ungatukwane nazo, koma ine sinditukwana.

Chimene chandikwiyitsa n'china. Andibweretsera botolo ndi kabeseni kuti ndizidzithandizira pabedi pomwepa, pali kansalu kotchinga kosafika n'komwe pansi. Ine, mkulu wa mpingo? Asa! Ndadikira a sisitala atuluke, ndapita kuchimbudzi modumphira ndi mwendo umodzi, nditagwira khoma. Chidendene chagunda pansi kawiri. Koma adokotala anati phazi, ndipo chidendene si phazi lonse.

Kumanja kwanga kuli wometa tsitsi. Chilonda cha m'mimba chinamuphulikira ali pa ntchito, anagwa makina akulira m'manja, kasitomala mutu utametedwa mbali imodzi. Anthu apamsewu ndiwo anamunyamula. Anamung'amba, kumusoka, kumuthira magazi mapaketi atatu. Pakamwa pake sipapuma. Akuti mowa anaumwa zaka makumi awiri, ndipo amanena zimenezi akuseka.

Khosi likundiwawa. Mapilo a kuno ndi achabechabe.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Shuga 14.1. Kutentha 37.9. Kutupa kuli pa mzere penipeni.

Mayi a kunyumba abwera masana ndi mazira awiri owiritsa, kabichi, ndi theka la lalanje. Theka! Lina akuti adyera m'njira kuti lisandiyese.

Atakhala pang'ono ati, "Bambo, makiyi aja ndipatseni ndikapereke kwa abusa."

Ndati, "Lamulungu ndikhala nditatuluka."

"Ndi phazi limeneli?"

"Mayi, loko uja ali ndi chikhalidwe chake. Wam'munsi umayamba wakokera chitseko kwa iwe, kenako n'kupotoza. Wina akangopotoza chipotozere athyola kiyi."

Angondiyang'ana, n'kuyamba kupinda malaya anga opindapinda kale. Ndi mmene amakwiyira.

Wometa amuloleza kumwa madzi tsopano, masupuni atatu pa ola. Amawerenga mokweza ngati mwana wa sukulu. Kasitomala wake uja anabwera kudzamuona, atavala chipewa. Akuti sapita kwa wometa wina, adikira amene anayamba ntchito adzaimalize. Wodi yonse kuseka. Ine sindinaone choseketsa.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Shuga 11.6. Kutupa kwabwerera pang'ono, kutalika kwa chikhadabo. Adokotala agwedeza mutu, ati, "Pitirizani choncho." Za kuchimbudzi sakudziwa.

Abusa abwera. Ndi achinyamata, ndinkawalandira pakhomo akadali mwana wobwera atagwira siketi ya amayi awo. Ndawafunsa popanda kuzungulira.

"Abusa, ndithandizeni. Zaka khumi ndi chimodzi tiyi wanga alibe shuga. Mowa sindiudziwa kukoma kwake. Mkazi ndi mmodzi yemweyo. Mvula, maliro, malungo, chitseko cha Mulungu ndinatsegula. Uyu apa wamwa zaka makumi awiri, taonani akuchira, akuseka. Ine akundijambula mizere ngati thabwa la kalipentala. Chilungamo chake chili pati?"

Ati, "A Makiyi, kodi zaka zonsezi mumatsegula kuti Mulungu adzakubwezereni phazi?"

"Sindinatero."

"Chabwino. Ambuye Yesu anatifera tisanatsegule chitseko chilichonse. Chipulumutso tinangopatsidwa. Kumvera kumabwera pambuyo, chifukwa munthu wapatsidwa kale."

Ndati ulaliki umenewo ndaumva kambirimbiri ndili chiimire pakhomo, ndipo ndi umene ukuwononga ana a masiku ano. Mukauza anthu kuti basi ndi yaulere, ndani angagule tikiti? Ine ndawaona anthu, abusa. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuwatsitsa m'njira.

Aseka, n'kupemphera. Potuluka ati, "Za makiyi musavutike nazo mtima, tiona chochita."

Tiona chochita! Tanthauzo lake ndi nyundo. Akufuna kukaphwanya loko amene ndakhala ndikumuthira mafuta mwezi uliwonse.

Loweruka, 9 Ogasiti

Shuga 10.2. Kutentha 37.2. Ndafunsa za kutuluka. Adokotala ati milungu iwiri, mwina itatu. Ndapempha kuti andilole maola awiri okha mawa m'mawa. Ati, "Ayi," n'kupita pa bedi lotsatira. Munthu wosadziwa n'komwe kukambirana.

Masana wometa ananditembenukira.

"Akulu, simukundikumbuka, eti?"

Ndati sindimeta kwa anthu apamsewu, amandimeta ndi mayi kunyumba.

"Si za kumeta ayi. Zaka zinayi zapitazo, mlungu umene mkazi wanga anandichokera, ndinabwera kutchalitchi kwanu. Malo anga ometera ali mumsewu womwewo, kuseri kwa ogulitsa matayala. Ndinamva nyimbo, ndinati ndikangokhala kumbuyo. Inu munandinunkhiza pakhomo. Munati, pitani mukasambe m'kamwa, kuno si kumowa."

Sindikukumbuka nkhope yake, koma mawuwo ndi anga. Ndinamuuza kuti lamulo ndi lamulo, woledzera amasokoneza mapemphero. Iye anati n'zoona, anali ataledzeradi, ndipo anabwerera komwe anachokera kukawonjezera. Sananene mokwiya ayi. Akanakwiya ndikanadziwa chomuyankha.

Mayi abweranso madzulo ndi mpunga pang'ono ndi nyemba. Afunsanso makiyi. Ndawauza kuti ndalankhula kale ndi abusa, atuma munthu m'mawa kudzatenga. Limeneli ndi bodza. Ndalilemba kuti ndisadzanene kuti ndinaiwala.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Shuga 24. Kutentha 39.4. Sindilemba.

Lolemba, 11 Ogasiti

Kutentha 38.9. Mankhwala asintha, ayika amphamvu, kanayi pa tsiku. Lero ndilemba, chifukwa zikangokhala m'mutu zindiphulitsa.

Dzulo ndinathawa.

Inali nthawi imene anamwino amasinthana, okolopa atatsegula zitseko zonse. Ndinavala suti yanga, kumanja nsapato yakuda, kumanzere ndinakulunga jumbo pa bandeji n'kulowetsa mu patapata. Wometa anali maso. Anati, "Akulu, musatero." Ndinamuuza kuti asamale za mimba yake.

Ndinakwera basi yoyamba. Kuchokera potsikira kukafika kutchalitchi ndi mphindi khumi. Dzulo ndinayenda mphindi makumi anayi, kupumira pa mipanda ya anthu. M'jumbomo ndinkamva kuti mwanyowa. Koma mumtima ndinkaona mpingo wonse utaunjikana panja, agogo atakhala pa masitepe, abusa akufunafuna nyundo, kenako ine n'kutulukira. Ndinkati Mulungu akuona, ndipo ulendo uwu wokha sangauiwale.

Ndikukhota pa ngodya, ndinamva kwaya.

Chitseko chinali chotsegula, mbali zonse ziwiri. Mabenchi opukutapukuta, maluwa ali kutsogolo, amayi atatu akusesa pa khonde. Loko wanga ali bwinobwino, wosakhudzidwa. Ndinaima makiyi ali m'manja ngati munthu wosochera.

Mmodzi wa amayiwo, mphunzitsi wopuma ntchito, anandiona. "Iii, a Makiyi! Mwachira?"

Ndinafunsa amene watsegula.

"Talowera kumbuyo, n'kuchotsa mpiringidzo m'kati."

"Kumbuyo kuli loko."

Anayang'anana. Kenako anati, "Loko ameneyo anafa kalekale, a Makiyi, zaka zisanu ndi zitatu zikwana. Umangonyamula chitseko pang'ono n'kukankha. Mumayesa Loweruka timalowera kuti pokakolopa? Aliyense amadziwa. Kutsogoloku timakusiyirani inu chifukwa mumakukonda."

Amandisiyira! Ngati mwana amene amamupatsa kakhasu kuti asalire.

Sindikudziwa ngati ndinakhala kapena ndinagwa. Ndinangozindikira ndili pa sitepe, jumbo itadzaza magazi, fungo la bala lili ponseponse. Anyamata anayi a kwaya anandiika pa mpando n'kundinyamula kulowa nane m'kati kuti ndichoke padzuwa. Pakhomo pomwe paja, pamene ndabwezapo anthu chifukwa cha kabudula, chipewa, fungo la mowa, ine ndinalowa ndi patapata, ndikununkha, nditanyamulidwa. Palibe anandifunsa kanthu. Abusa anachedwetsa mapemphero, n'kundibweza kuno pa galimoto yawo.

Ndatopa. Zina mawa.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Kutupa kwadutsa mzere, zala ziwiri zam'manja kupingasa. Chala chachikulu chada bii. Adokotala ayang'ana nthawi yaitali. Sanakweze mawu. Ati, "Mawa tidula zitatu. Tiyesetsa kuti zithere pomwepo." Ndasaina. Mayi asainanso, osandiyang'ana.

Nkhani ya Lamulungu sindinamalize, yatsala ya bedi. Pakhoma apa pali pepala la malamulo, ndinaliwerenga tsiku loyamba n'kuliyamikira. Lamulo lachitatu limati wodwala wochoka popanda chilolezo wataya malo ake. Ndipo pakhonde panja pali anthu ogona pa machira kudikira bedi. Ine ndikanakhala woyang'anira, ndikanatsatira pepalalo osaphethira.

Ndinapeza bedi langa loyalidwa nsalu zoyera. Wometa, munthu wa mimba yosokedwa, anadzikoka mpaka pa tebulo la anamwino kukanena kumene ndapita. A sisitala anaimbira mayi, mayi anaimbira abusa. Akuluakulu atabwera kuti bedi liperekedwe, a sisitala anati wodwala wawo akubwera, adikire ola limodzi, mlandu ukhale wawo.

Atandigoneka, a sisitala anabweretsa beseni. Anagwada, anadula jumbo ija ndi sizasi, anayamba kutsuka. Ndinadikira kuti andikalipire. Ndinali nditakonza kale mayankho. Iwo anangoti, "Tukulani pang'ono, bambo," n'kupitiriza.

Ndinati, "Mayi, nditukwaneni."

Anati, "Ndilibe nthawi. Gwirani apa."

Akanandilalatira ndikanamva ngati ndalipirako kenakake. Koma ayi. Zimenezi zikundiwawa kuposa phazi.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Adula dzulo. Zala zitatu. Zatsala ziwiri zazing'ono.

Mzere watsopano, pansi pa kakolo. Ukadutsidwa umenewu, adula pansi pa bondo.

Zala zimene kulibezo zikuyabwa. Ndikande pati?

Lachisanu, 15 Ogasiti

Shuga 12.4. Kutentha 38.1. Insulini 18 ndi 12. Phazi aliika pa mapilo awiri.

Ndapempha kabeseni. Ndinadikira mpaka thukuta kutuluka, kenako ndinaitana. Namwino wamwamuna anakoka kansalu kaja. Wometa anayamba kuimba mluzu mokweza kuti wodi isamve. Ndinalira, koma osati chifukwa cha ululu.

Loweruka, 16 Ogasiti

Shuga 9.9. Kutupa sikunasunthe.

Mayi alankhula lero, koyamba kuchokera Lamulungu. Anayamba atseka bwinobwino botolo la tiyi.

"Zaka 38, bambo, simunandinamizepo. Mwadzandinamiza chifukwa cha loko."

Ndati ndinkachitira Mulungu.

"Mulungu uti? Adokotala anakuuzani, ine ndinakuuzani, abusa anakuuzani, mnzanu wa pa bedi apa anakuuzani. Mumafuna Mulunguyo atsike yekha kudzakugwirani mwendo? Inu simumvera munthu. Mumangomvera zimene mwasankha nokha, zoti anthu aziona."

Ndinafuna kuyankha za zaka 26 zija. Ndinazisiya. Ndinati, "Mayi, ndinalakwa. Ndikhululukireni."

Anati, "Ndinakhululuka pa foni pomwe paja, ndikuthamangira basi. Koma kukwiya sindinasiye, musandifulumizitse." Kenako anandisendera lalanje, lonse, n'kudya okha theka ndikuona.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Shuga 8.7. Kutentha 37.6.

Nthawi yotsegula tchalitchi itakwana dzanja linapita lokha pansi pa pilo. Ndinagwira makiyi mpaka anatentha. Kumeneko akuimba, ine kulibe, ndipo palibe chasowa. Ndakwiya m'mawa wonse, sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

Wometa tsopano akudya phala lamadzimadzi ndi nthochi yofewa. Mlongo wake anamubweretsera nkhuku yokazinga, fungo lake wodi yonse kumeza malovu. Iye anati abwerere nayo, adokotala sanalole. Ndinamufunsa kuti munthu amene wakhala zaka makumi awiri osamvera aliyense wayamba liti kuopa malamulo.

Anati, "Si mantha, akulu. Ine anandinyamula ndisakudziwa. Ndinadzuka atandisoka kale. Magazi ali m'thupi muno ndi a anthu atatu amene sindidzawaona nkhope. Palibe anandifunsa ngati ndili woyenera. Ndiye munthu amene wandichitira zimenezo akati usadye nkhuku, ndimuyankhe chiyani? Ndikang'ambe zimene wasoka?"

Ndinati akulankhula ngati abusa athu. Anati abusa athuwo sakuwadziwa, sanafike n'komwe m'kati.

Ndinatembenukira kukhoma. Munthuyu akanangondida zinthu zikanayenda bwino.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Shuga 8.1. Kutupa kwayandikira mzere mbali ya kunja, adokotala ayeza kawiri. Ati tidikire. Kudikira, kudikira! Ndawafunsa chimene ndingachite kuti zifulumire. Ati, "Palibe. Mankhwala akugwira ntchito yake. Inu musawasokoneze."

Moyo wanga wonse ntchito yanga yakhala kuchitapo kanthu. Lero lamulo ndi loti ndigone, ndipo n'lovuta kuposa onse amene ndinasungapo.

Abusa abwera. Ndawafunsa ngati nawonso ankadziwa za chitseko chakumbuyo. Ati ankadziwa.

"Ndiye zaka 26 zija zinali zachabe?"

"Ayi. Anthu ankakondwa kupeza chitseko chotsegula ndi munthu wowapatsa moni. Ntchitoyo inali yabwino. Kungoti siinali imene inkakusungani m'nyumbamo, a Makiyi. Munali mwana wa m'nyumba musanagwire kiyi."

Ndati nanga amene ndinawabweza? Sanandinyengerere. Ati ameneyo ndi mlandu weniweni, ndiuze Mulungu, ndipo amene ndingathe kuwapeza ndiwauzenso. Ponena zimenezo sanayang'ane bedi la kumanja, koma ine ndinayang'ana. Wometa ankanamizira kugona. Munthu wogona sagwedeza chala.

Za makiyi sanafunse. Ndinatchula ndine. Ati, "Mukafuna, mutumize ndi aliyense."

Lachinayi, 21 Ogasiti

Shuga 7.9. Kutentha 37.0. Kutupa kwaima.

Wometa wandimeta ndevu. Mlongo wake anabweretsa zida kuti amalize kasitomala wa chipewa uja, amene anabweradi n'kukhala pa mpando wa alendo, a sisitala akunamizira kusaona. Atamaliza anati, "Akulu, mukuoneka ngati mkaidi, bwerani kuno." Dzanja lake n'lopepuka.

Lezala lili pakhosi panga ndinati, "Achimwene, tsiku lija ndinakulakwirani. Munabwera malo oyenera, ine ndi amene ndinaima polakwika."

Anati, "Musalankhule, ndingakuchekeni." Anapukuta thovu nthawi yaitali mbali imodzi yomweyo. Kenako anati, "Zatha, akulu."

Lachisanu, 22 Ogasiti

Wometa watuluka. Atanyamula chikwama anaima pa bedi langa n'kunena kuti Lamulungu akufuna akayesenso, ngati pakhomo sipakhala wonunkhiza anthu.

Ndinatulutsa makiyi. "Mukapereke kwa abusa. Mukafika iwo asanafike, tsegulani. 6 koloko. Loko wam'munsi muyambe mwakokera chitseko kwa inu, kenako n'kupotoza. Osakakamiza."

Anawayang'ana osawalandira. "Mukundikhulupirira ine?"

"Ayi. Koma tengani."

Anaseka mpaka kugwira pa mimba. Anawaika m'thumba la malaya n'kumanga batani.

Pa bedi lake agonekapo bambo wina wothyoka ntchafu, wosalankhula. Wodi yazizira.

Loweruka, 23 Ogasiti

Shuga 8.3. Khosi lasiya kuwawa. Ndiye kuti mapilo a kuno analibe mlandu.

Tsiku lonse ndangoganiza zopusa. Panjira yopita kwawo pali malo omwera mowa angati? Makiyi a nyumba ya Mulungu ndapatsa munthu amene dzina lake lenileni sindinafunse n'komwe. Koma abale, ndinali ndi mutu?

A zolimbitsa thupi abweretsa ndodo ziwiri zoyendera, azitsamiritsa pakhoma pafupi ndi bedi. Akuti ndi za mlungu wamawa, adokotala akalola. Bwanji osazisunga kwawo mpaka mlungu wamawawo?

Lamulungu, 24 Ogasiti

Anamwino akusinthana, okolopa atsegula zitseko zonse, ndodo zili apa dzanja likhoza kufika. Ndinawerengera: ndi ndodo phazi silingagunde pansi, lamulo silingasweke. Ndinakhala tsonga. Ndinafika mpaka pogwira imodzi.

Kenako ndinayang'ana bandeji. Anamanga ndi a sisitala dzulo madzulo, nthawi yawo yoweruka itapitirira, atagwada pa simenti ndi mawondo awo otupa aja. Ndinaitana namwino kuti achotse ndodozo akaziike kumene sindingazione. Ndinagona, phazi pa mapilo, ndikutukutira ndi mkwiyo mpaka dzuwa kukwera.

Mayi abwera masana. Sindinadikire kuti akhale.

"Wometa uja anabwera kutchalitchi?"

"Anabwera."

"Nthawi yanji?"

"6 koloko itapitirira ndi mphindi makumi awiri. Analimbana ndi loko wam'munsi, ankakankha m'malo mokoka."

Ndinamuuza! Ndinamuuza momveka bwino kuti akoke! Mayi anandisiya ndibwebwete mpaka nditatopa. Kenako anati anakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko, mpaka pemphero lomaliza. Nyimbo sakuzidziwa, ankangotsegula pakamwa. Potuluka anafunsa abusa ngati angabwerenso, ndipo anatuma mayi kuti andipatse moni, akuti ndigone phee.

Ndinapempha mayi kuti akoke kansalu kaja pang'ono.

Lolemba, 25 Ogasiti

Shuga 7.4. Kutentha 36.8. Dripi achotsa, tsopano ndi mapiritsi.

Adokotala amasula bandeji okha. Adina apa, adina apo, afunsa ngati ndikumva. Kutupa kwabwerera kutali, khungu lachita makwinya. Apempha thonje ndi sipiriti, n'kufufuta mzere uja pang'onopang'ono mpaka kutheratu.

Ati, "Mwendo watsala, bambo."

Pakamwa panga panali patadzaza kale. Ndinafuna kuwauza kuti masiku khumi ndi awiri sindinaponde pansi, ngakhale chidendene, ngakhale dzulo ndodo zili pafupi. Ndinafuna alembe penapake. Koma kumbuyo kwawo kunali a sisitala atanyamula beseni, magalasi akulendewera pa chingwe. Bedi limene ndamverapo masiku onsewa ndi lomwe lija ndinalithawa, ndipo anandisungira ndisanamvere kalikonse.

Zala zitatu sizibweranso. Nsapato yakuda ija mayi apatsa kale mlamu wanga.

Ndinati, "Zikomo, adokotala. Zikomo, mayi."

A sisitala anati, "Musayambe kudzimva, kuponda pansi ndi Lachinayi."

Ndinati ndamva. Kenako ndinawapempha kabeseni.